Batani la Wailesi ya Fanesi

Sendezani mipando kufupi ndi mbaula, magetsi awa sabwera msanga. Ndipo pasapezeke wondiyankha kuti tili tonse, chifukwa iyi si nthano yogonetsera ana. Munthu amene ndikumunenayu ndinkadya naye mbale imodzi.

Zaka zimenezo ndinkasoka pakhonde la sitolo ina ku Balaka, kufupi ndi njanji. Khondelo tinkagawana awiri. Mbali iyi ine ndi makina anga, mbali inayo bambo Gwaza, okonza mawailesi, munthu wosakonda zoyankhulayankhula, wa zala zodzaza ndi zipsera za mtovu wotentha. Pakati pathu panali kachipinda komwe tonse tinkatsekeramo katundu tikaweruka.

Fanesi anali mwana wa amayi anga aang'ono. Tinakulira bwalo limodzi ku Bawi, ndipo kumudzi konse kunalibe mtsikana wa mawu ngati ake. Anakwatiwa ndi Lafuledi Chimbalanga, woimba gitala, mwamuna wa malaya osita bwino ndi mano oyera, amene anamutenga chitengwa n'kubwera naye ku Balaka. Chuma chenicheni cha Lafuledi chinali ampulifaya, kapena kuti ampu, yokuzira mawu a gitala, imene bambo ake anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Linali bokosi lolemera ngati thumba la chimanga, la mababu agalasi m'kati, amene a Gwaza ankawatchula kuti mavalavu. Ukayatsa, mababuwo ankayamba kufiira pang'onopang'ono ngati makala, kenako m'pamene mawu ankatuluka.

Tsono imvani chimene chimandiwawa mpaka lero. Nyimbo zonse zimene anthu ankavina m'maukwati ndi m'mabala n'kumati ndi za Chimbalanga, anapeka ndi Fanesi. Ankazipeka akuchapa kapena akusinja, mwamunayo ali m'nyumba khutu lili tcheru. Madzulo ankangoziveka gitala. Akaima pagulu ankadziguguda pachifuwa n'kumati, “Iyi ndinailota ndekha.” Koma kunyumba, Fanesi akangokweza mawu pang'ono, mumamva m'nyumbamo, “Tsitsa mawu, mkazi iwe!” Tsiku lililonse mawu ake anali omwewo. Sankafuna kuti oyandikana nawo adziwe kumene nyimbo zimachokera.

Fanesi anali ndi kawailesi kake kamene amalume athu anamupatsa pa ukwati. Ankakatsegula pang'ono kwambiri, n'kukagunditsa kukhutu, iye n'kumang'ung'udza kukamwa kuli kotseka. Batani lokwezera mawu linachita kusupuka utoto mbali imodzi yokha, pamene chala chake chinkakhala chikutsitsa.

Tsiku lina ndikumuyesa diresi anandiuza kuti, “Achemwali, ine sindifuna nsapato kapena chitenje chatsopano ayi. Angonena kamodzi kokha pagulu kuti nyimbo iyi ndi ya Fanesi. Kamodzi basi, mtima wanga ungakhale pansi.”

Sanamve mawu amenewo. Malungo aakulu anamugwira ine nditapita ku Limbe kukaoda nsalu, ndipo pobwera ndinapeza mtumbira. Lafuledi anamuika m'manda a m'tauni m'mawa mwake mwa tsiku limene anamwalira, osatumiza uthenga ku Bawi, chifukwa bandi yake inkadikiridwa ku ukwati wina kutali. Inu mukudziwa mwambo wathu. Mkazi ngakhale atengedwe chitengwa, eni ake ndi akwawo, ndipo sangaikidwe amalume ake asanaone nkhope. Amalume atafika anakana kulowa m'nyumba, anakana ngakhale madzi akumwa. Anaima pabwalo n'kunena kuti, “Mwatilanda maliro. Tsono katundu wa mwana wathu asakhudzidwe, ngakhale supuni, mpaka tidzabwere kudzameta ndi kudzagawa tokha.” Lafuledi anagwedeza mutu mwaulemu ngati munthu wakumva.

Mwezi usanathe n'komwe, ndinamuona akubwera pakhonde pathu akukankha njinga, ampu ili pakaliyala. Kukhwapa anapanira kanthu kokulungidwa m'chitenje cha maluwa achikasu. Chitenjecho ndinachidziwa, ndine ndinachipinda m'mphepete.

“Bambo Gwaza,” anatero, “kuholo kukubwera mpikisano wa mabandi. Ampu yangayi ikuyankhula mwaulemu kwambiri ngati mkamwini. Ndikufuna ibangule.”

A Gwaza anatsegula kumbuyo kwa bokosilo n'kuloza ndi sikuludiraiva. “Mukuona waya uyu? Bokosi ili limadziletsa lokha. Wayayu amatapa mawu pang'ono pamene akupita ku sipika, n'kuwabweza kumbuyo ku valavu atawazondotsa. Mawu obwererawo amapondereza anzawo, n'chifukwa chake ampu imamveka yosalala, yofatsa. Nditangomudula, ilira ngati chilombo ndipo simungaigwire. Koma nditha kuika batani lopotokola panjira ya wayayu. Mukapotokolera kumanzere, yadziletsa ngati kale. Mukapotokolera kumanja, mwaimasula, mlingo wake mukusankha nokha.”

“Ikani lomwelo.”

“Batani lotero ndilibe pano. Mpaka wina apite ku Limbe.”

Apo Lafuledi anamasula chitenje chija n'kuika kawailesi ka Fanesi patebulo. “Chotsani la umu. Mwini wake sakulifunanso.”

Makina anga anaima okha. “Alamu,” ndinatero, “mwaiwala kale zimene ananena amalume? Sitinamete ife.”

“Alamu, sokani zanu. Ichi ndi chitsulo, si fupa la munthu.”

A Gwaza anandiyang'ana, n'kuyang'ana wailesi, n'kukanda kumutu. Sanali munthu woipa, koma akaona ntchito yachilendo manja ankawayabwa. Anayeza batanilo ndi mita yawo, n'kung'ung'udza kuti likukwanira ndendende ngati analipangira ntchito yomweyo. Asanagwire m'kati mwa ampu anaika dzanja limodzi kumbuyo, monga amachitira anthu a ntchito yawo kuti moto usadutse pamtima, n'kukhudzitsa chitsulo penapake. Panamveka kuti thwa, kamoto kabuluu n'kuthetheka.

“Zinthu izi zimasunga moto ngakhale utazizimitsa kalekale,” anatero. “Uyenera kuukhetsa kaye.”

Anaboola kabowo kumbuyo kwa bokosi, analowetsa batani la Fanesi, anawotcherera mawaya, fungo la mtovu lili guu pakhonde ponse. Dzuwa likupendeka anayatsa. Mababu anafiira, Lafuledi anakhwatcha gitala, batani lili kumanzere, ndipo mawu anatuluka omwe aja a masiku onse. Kenako a Gwaza anayamba kupotokolera kumanja pang'onopang'ono.

Ndisaname, zinali zokoma. Mawu ananenepa, anachita kulowa m'mimba. Anthu opita kumsika anaima pamsewu, mayi wina wogulitsa nthochi anatula dengu. Lafuledi ankaseka mano onse pamtunda, n'kuyamba kuimba nyimbo ija Fanesi anaipeka chaka cha njala. Koma ine khutu langa linagwira kanthu kena pansi pa gitalayo. Kanali kamawu kakang'ono, kotsatira nyimbo, ngati munthu akung'ung'udza kukamwa kuli kotseka.

“Bambo Gwaza, mukumva?”

“Ndi thiransifoma ya m'bokosimu imeneyo, mayi. Zakalezi zimalira choncho.”

Koma ine sindinaonepo thiransifoma imene imapumira mpweya pakutha pa mzere uliwonse wa nyimbo. A Gwaza nawonso nkhope inali itasintha. Anauza Lafuledi kuti aisiye ampuyo masiku angapo kuti aimvetsere bwino, ndipo tinaitsekera m'kachipinda kaja pamodzi ndi makina anga.

M'mawa mwake ndinasowa choko changa cholembera nsalu. Ndinafufuza paliponse osachipeza. Chitenje chachikasu chija, chimene Lafuledi anangochiponya pakona, tinachipeza pamwamba pa ampu chitapindidwa bwinobwino, ngodya zitalowetsedwa m'kati monga ankapindira mwini wake. A Gwaza analumbira kuti batani analisiya kumanzere. Linali kumanja, kumapeto kwenikweni. Kiyi wa kachipindako tinali naye awiri tokha.

Aliyense anagwira ntchito yake, koma tsiku limenelo ndinasoka mkono wa malaya chozondoka, ine amene ndinasoka zaka zambiri osalakwitsa chotero.

Masana ake panabwera bambo wina wogulitsa nkhuni panjinga kudzasoketsa chigamba. Akudikira anati, “Kodi mayi uja amaima podutsira njanji apa ndi wa kuti? Wa duku lofika m'maso uja. Dzulo chakumadzulo anandiimitsa n'kundifunsa njira ya ku Bawi. Mawu ake otsika zedi, ndinachita kuwerama kuti ndimve. Ndinamulozera, anathokoza, koma sanasunthe. Nditacheuka patsogolo, ndinaona ali chiimire pomwepo.”

Singano inandibaya chala. Tsiku lotsatira mayi wa nthochi uja ananena zomwezo, kenako mlonda wa kusiteshoni. Onse ankati anawafunsa njira ya ku Bawi, onse anamulozera, ndipo palibe anamuona akuyenda. Nkhope yake panalibe woifotokoza. Aliyense ankangoti chisisira chinali chitagwa.

Madzulo ena magetsi anazima tauni yonse, monga achitira leromu. Tinali tikulongedza. A Gwaza anatsegula chitseko cha kachipinda kuti alowetse tebulo lawo, n'kuima chilili pakhomo. Ndinasuzumira paphewa pawo. M'katimo munali mdima, koma kumbuyo kwa ampu mababu aja anali psuu, kufiira mwakachetechete. Pulagi inali pansi, pafupi ndi phazi lawo. Ndipo kamawu kaja kanalipo, kotsika, kakungobwereza mzere umodzi wa nyimbo.

“Ndi moto wosungidwa uja,” anatero a Gwaza.

“Si munaukhetsa nokha tsiku lija, ine ndikuona?”

Anatseka chitseko pang'onopang'ono ngati m'katimo mwagona wodwala, tebulo n'kulisiya panja. Thupi langa lonse linali tsemwe lokhalokha, koma mantha sanali ochuluka kuposa chisoni. Ndinalira njira yonse yopita kunyumba, chifukwa ngakhale kumeneko kumene anali, m'bale wanga ankaimbabe motsitsa mawu.

Lafuledi atabwera kudzatenga ampu, a Gwaza anamuchonderera. “Achimwene, ndiloleni ndilichotse batanili. La ku Limbe ndikagula ndekha. Ili libwerere m'wailesi mwake, mukapereke kwa eni ake.”

“Mwapenga kodi? Mpikisano ndi Loweruka lino. Mawu ngati awa palibe bandi ina ili nawo.”

“Muli munthu m'mawu amenewa.”

Lafuledi anaseka, koma ndinaona kuti maso ake sanafune kuyang'ana chitenje chija. Iyenso anali atamva. Ndinaimirira n'kumugwira mkono, chinthu chimene sindinachitepo kwa mlamu wanga.

“Alamu, wakutsina khutu ndi mnansi. Fanesi sakufuna zambiri. Loweruka mukaime paja mukanene kuti nyimbo iyi anapeka ndi malemu mkazi wanga Fanesi. Kamodzi kokha. Mukatero apita kwawo.”

Anachotsa dzanja langa ngati akuchotsa chitsotso pamalaya. “Ndikauze Balaka yense kuti Chimbalanga amaimba nyimbo za pamtondo? Alamu, mundisiye.”

Loweruka ndinapita kuholo. Sindinapitire kuvina, ndinapita kuti ndikaone ndi maso angawa. A Gwaza anaima kumbuyo pafupi ndi chitseko, chipewa chili m'manja. Mabandi ena anaimba masana onse, ndipo bandi ya Lafuledi inakwera dzuwa litangolowa. Anaika ampu yake kutsogolo, anadikira mababu afiire, anapotokolera batani kumanja, n'kuyamba nyimbo ya chaka cha njala ija.

Holo inagwedezeka. Anthu anakwera pamabenchi, fumbi lili koboo. Koma atafika pakati pa nyimbo, kamawu kaja kanayamba kukula. Sikanalinso kong'ung'udza. Kukamwa kunali kutatseguka. Anali mawu a mkazi, oyera, okwera pamwamba pa gitala ndi ng'oma, mawu amene ndinawamva komaliza tili atsikana kudambo ku Bawi. Anthu anayamba kusuzumira kuseri kwa oimba kufuna kuona mkaziyo. Woimba ng'oma ankangocheukacheuka. Amayi ena pafupi nane anasiya kuvina, misozi ili mbwembwembwe, osadziwa chimene akulirira.

Nyimbo itatha panali kaye zii, kenako m'manja mwaphokoso. Woyendetsa mwambo anathamangira kutsogolo ndi maikolofoni.

“A Chimbalanga, izi ndiye sitinazimvepo! Tauzeni anthuwa, nyimbo imeneyi inabwera bwanji? Nanga mayi amene amakuthandizaniyo mwamubisa kuti?”

Holo yonse inatchera khutu. Mababu aja ankawala kuposa kale, ndipo mu sipika munkamveka kupuma, pang'onopang'ono, ngati munthu amene wagwira mtima m'manja. Lafuledi thukuta linali kamukamu. Anandiona pamene ndinaima. Ndinakuwa ndi mawu anga onse, “Nenani, alamu!”

Anatsegula pakamwa, ndipo ndikhulupirira kuti dzinalo linafika palilime. Koma anayang'ana chikhamu cha anthu chija, anthu amene ankamuimbira m'manja zaka zonsezo, n'kumwetulira.

“Palibe mayi pano. Ndi luso la zipangizo basi. Nyimboyi ndinailota ndekha.”

Atatero anapisa dzanja kumbuyo kwa ampu n'kupotokolera batani kumanzere mwaukali, mpaka kumapeto, n'kulikakamizabe mpaka tinamva kuti tswa. Kupuma kuja kunaleka.

Anakhwatcha gitala kuti ayambe nyimbo yachiwiri. Nsambo zinkanjenjemera, tonse tinkaziona, koma mu sipika simunatuluke kanthu. Anakhwatchanso mwamphamvu, osamveka. Ng'oma zinkamveka, anzake ankamveka, koma za iye yekha ayi. Anawerama pa maikolofoni kuti apepese anthu, milomo inayenda, mawu osatuluka. Anakankha maikolofoni n'kukuwa ndi kukhosi kwake, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo, koma chimene chinatuluka ndi mpweya wokha.

Pamenepo mu sipika munatuluka mawu. Sanali a Fanesi. Anali a Lafuledi mwini wake, aukali, monga ankamvekera kuseri kwa khoma la nyumba yawo, iye ali chiimire pamaso pathu kukamwa kuli yasa.

“Tsitsa mawu.”

Mababu anazima. Anthu anapondana pothawa, ndipo a Gwaza ndi ine ndi amene tinatsala kumuyang'ana Lafuledi atakhala pansi, gitala ili pamiyendo.

A Gwaza anaitsegula ampuyo tsiku lotsatira dzuwa lili pamutu. Anati palibe chimene chinapsa. Anachotsa batani lothyokalo, anabwezeretsa waya monga analili, ndipo mnyamata wa bandi ina atayesa, inalira bwinobwino. Koma Lafuledi akangogwira gitala, zii. Batanilo analibwezera m'wailesi, ine n'kuikulunga m'chitenje chake. Choko changa chija tinachipeza m'kati mwa wailesiyo, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene chinkafuna kulembedwa. A Gwaza sanagwirenso chipangizo cha mavalavu moyo wawo wonse.

Kuchipatala anamuunika Lafuledi kukhosi n'kunena kuti sakuona vuto. Mawu ake anatsala kanong'onong'o kakang'ono, koti uchite kugunditsa khutu pakamwa pake, ndipo ngakhale utatero umangomva theka. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Patapita miyezi anabwera pakhonde panga atawonda, n'kundilozera wailesi ija, n'kuloza njira ya ku Bawi. Ndinamuperekeza, osati chifukwa chomumvera chisoni.

Amalume anaitanitsa abale onse pabwalo. Lafuledi anagwada pakati, anapereka wailesi, n'kuyamba kuyankhula. Ine ndinali pafupi, ndinaona milomo yake ikuumba dzina la Fanesi, kawiri, katatu, misozi ikutsika. Anthu anatchera makutu. Nkhuku zinkamveka, mphepo inkamveka m'mitengo ya mango, koma iye ayi.

“Akuti chiyani?” anafunsa amalume. “Kwezani mawu, bambo. Pagulu pano.”

Ndinanena ine m'malo mwake kuti akuti nyimbo zonse zija anapeka ndi Fanesi. Amalume anapukusa mutu. “Zimenezo wanena ndiwe, mwana wanga. Ife tikufuna timve kwa iye.” Lafuledi anayesanso mpaka dzuwa linapendeka, ndipo anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi kupita kukatsekera mbuzi.

Lafuledi anamwalira zaka zingapo pambuyo pake, ali chete chomwecho. Nyimbo zija zikuimbidwabe m'maukwati, mwina inunso munavinapo, ndipo aliyense amati ndi za malemu Chimbalanga. Ine ndanena mpaka kukhosi kuuma, koma anthu amangoti ndi nsanje ya pachilamu, telala angadziwe chiyani za nyimbo.

Tsono mukadzadutsa pa Balaka chisisira chitagwa, mayi wa duku lofika m'maso akadzakuimitsani podutsira njanji paja, musadzathawe. Sapweteka munthu. Mudzawerame kuti mumve, mudzamulozere njira ya ku Bawi. Ine ndikapita kumeneko ndimaima naye, ndimamuuza kuti, “Fanesi, nyimbo zija ndi zako, tiye kwathu.” Amangopukusa mutu pang'ono n'kuyang'ana kumbali ya holo ija. Si kwa ine kumene ankafuna kumva mawu amenewo, ndipo woti awanene uja tinamuika kale.